Ngolo ya mu foni

Mayi wogulitsa tomato anali pafupi kupambana gemu, chala chili pa foni yanga, anthu akumuchemerera, pamene ndinaona a Lyton, mlembi wa mpingo wathu, ataima kumbuyo kwa gulu.

Gemuyo ndinaipanga ndekha: umayendetsa ngolo ya mtedza, kuzemba maenje ndi mbuzi mpaka kukafika pamsika. Koma ndani kwathu angataye bandulo potsitsa gemu ya munthu wosadziwika? Ndiye tsiku lamsika ndinkaima pa Nsaru n'kumaitumiza m'mafoni a anthu, wofikitsa ngolo msanga ndinkamupatsa mayunitsi. Zinkayenda, ndipo ndinayamba kudzimva.

"Zelifa, kodi wopambana akulandira chiyani?" anafunsa a Lyton.

"Mayunitsi basi, bambo. Polowa salipira kanthu."

"Juga yonse imayamba choncho," anatero, nakankha njinga yawo.

Lamlungu, mapemphero atatha, akulu a mpingo anatiitanira ku vesitili, ine ndi bambo. Bambo anga, a Clement, anali mkulu wa mpingo kuyambira ndisanabadwe, ndipo udindowo ankausamala kuposa munda wawo wa fodya. Anakhala pabenchi la akulu anzawo, jekete atamanga mabatani onse. Ine anandiloza benchi lakumbuyo, la oyankha milandu.

Ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Akuluwo ankangoyang'ana pansi. Sindinawade kwenikweni, chifukwa kubetcha kwa pafoni kunali kutadya kale feteleza wa mabanja ambiri. Chinandipsetsa mtima n'chakuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapempha kuiona gemuyo.

"A Clement," anatero a Lyton, "mkulu wa mpingo ayambe walongosola pakhomo pake. Chinthuchi chifufutidwe pamaso pathu, mwana alonjeze kuti sachifalitsanso. Apo ayi, inu muyambe mwapuma paudindo."

Bambo anatambasula dzanja osandiyang'ana. "Bweretsa kuno."

Ndinawapatsa foniyo. Ndinkadziwa kuti akandiuza kuti ndisiye ndisiyadi, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mawu a a Lyton.

"Pofufutira ndi pati?"

Chala chawo chokakala chinaphonya, gemu n'kutseguka. Pagalasi panatulukira ngolo, ng'ombe ziwiri zili pagoli, yakumanzere yakuda, yothyoka nyanga. Bambo anayandikitsa foniyo kumaso.

"Uyu si Sitima uyu?"

"Ndi yemweyo, bambo."

Sitima ndi mnzake anali ng'ombe zawo, zimene anagulitsa kuti andigulire laputopu ndikupita kukoleji. Kuchokera tsiku limenelo sanazitchuleko, ndipo fodya wawo ankanyamulira pangolo zobwereka.

Anayendetsa chala pagalasi, ng'ombe zinayamba kuyenda. Kenaka ndinamva bambo akuimba kamluzu kotsika, kamene ankaziyimbira ng'ombezo akamatsetsereka kudambo.

"A Clement, tikudikira," anatero a Lyton.

Bambo anaimirira, namasula mabatani a jekete limodzilimodzi. Anadutsa pamaso pa akulu anzawo, nadzakhala pabenchi lakumbuyo, phewa lawo litakhudza langa.

"Pitirizani, alembi," anatero. Kenaka anandipendeketsera foniyo n'kunong'ona, "Yagwera m'dzenje. Nanga poitulutsa umadina pati?"