Kabaidi wa Tamanda

Maloto a dzulo andisowetsa mtendere. Mwana wanga Tamanda ali kunja, akuphunzira za zitsulo za injini ya ndege. Anandiuza pafoni kuti chitsulo cha nikelo chikachedwa kuzizira, mkati mwake mumamera kabaidi wamkuluwamkulu, ndipo chimasweka msanga. Ndinamuseka. Kabaidi amene ndimamudziwa ine ndi wowotcherera zitsulo, ndipo ndikasungunula chitsulo ndimachifotsera mumchenga kuti chizizire pang'onopang'ono. Kuyambira tsikulo sanaimbenso.

Ndinalota ndikuthira nikelo m'chikombole. Tamanda anali wamng'ono, atavala yunifolomu, akuuzira ngati phala. Ndinamukankhira pambali n'kufotsera mchenga. Chitsulo chinayamba kuonekera mkati ngati galasi. Munamera timinga toyera tonga zilembo, koma ndinalephera kuwerenga. Fungo la kabaidi linandiwawa m'mphuno. Kenako chitsulocho chinasanduka phiko la ndege, Tamanda ali pawindo. Ndinamva kuti thyo!

"Adadi, mwachifundika kwambiri," anatero, osakwiya.

Tanthauzo la malotowa sindikulidziwa. Kutacha ndinamuimbira.

"Kwagwanji, adadi?"

"Palibe, mwananga. Za kabaidi wako zija, fotokozanso."

Anaseka. Ine ndinakhala pansi, ndinamvetsera mpaka foni inanditentha khutu.