Chala cha Manesi

Kezia anali kupeta mphale pakhonde pamene mwana wake Manesi anakuwa kunkhokwe, kukuwa koumitsa thupi. Anamutuma yekha kukaona mazira m'chisa cha nkhuku. Mwanayo anabwera akuthamanga, dzanja lili m'mwamba, chala chamkombaphala chikudontha magazi.

"Njoka, amayi! Yandijompha!"

Gideoni, mwamuna wa Kezia, anali pabwalo kusema mpini. Anathamangira kunkhokwe nasuzumira pansi. M'chisamo munali chinthu chamawangamawanga chitadzipinda, chikulira fwaa, chikugwetsa mutu uku ndi uku. Sanayang'anenso kachiwiri.

"Mphiri!" anatero, mawu atauma.

Gideoni sanali munthu wankhanza, koma mantha anamulowa m'mafupa chaka chomwe ankasenza katundu wa azungu kuchoka ku Dowa kupita ku Kotakota. Mnzake Solomoni analumidwa chala ndi mphiri m'mapiri a Ntchisi. Dzanja linatupa, linada, linayamba kununkha, ndipo anamukwirira m'mbali mwa njira. Chikakuluma chakuda umaopa ndi khala lomwe. Kuyambira pamenepo Gideoni ankanena paliponse kuti akanadula chalacho msanga, Solomoni bwenzi ali moyo.

Anamanga mkono wa mwanayo ndi luzi, maso ali pa kasemasema wake. Kezia anaona kumene maso aja analoza.

"Bambo a Manesi, chonde musafulumire. Malume amatema mphini, amangofuna mutu wa njokayo kuti awotche asakanize ndi mankhwala. Ndidikireni."

"Ululu sudikira munthu, amake mwana."

"Ndikubwera pompano. Ndapota nanu!"

Kezia anatola munsi nathamangira kunkhokwe. Njoka inali pomwepo, ikudzitukumula. Anaimenya pamsana kawiri, kenaka anaikokera poyera ndi ndodo. Itagona padzuwa, Kezia anadabwa. Mawanga anali a mphiri ndithu, koma ojambulika mwaulesi, ena osalumikizana. Mphiri ndi yonenepa, mutu wake waphanthi. Iyi inali yowonda ngati mpini wa chipande, kamutu kobulungira. Ngakhale kulira kuja sikunkachokera kukamwa, inkangokhuza mamba ake okhaokha. Pambali pa chisa panali chikhokhombe cha dzira chophwanyika, cholavulidwa.

Anaikanula kukamwa ndi kamtengo. Munali mwakuda bii, mopanda dzino lobaya nalo ngakhale mbewa. Kanali kanjoka kakuba mazira chabe, kovala zovala za mfumu kuti akabawi ndi anyenga azikaopa! Sikafunika kufanana kwenikweni. Ndani ali ndi mtima woima n'kuyeza mutu wa mphiri? Pansungwi yothyoka ya m'mphepete mwa chisa panali magazi, pomwe mwana anadzikanda pobweza dzanja.

Chimwemwe chinamugwira kamphindi, kenaka mantha oposa oyamba aja. Ananyamula njokayo ndi manja n'kuliyatsa liwiro.

"Lekani! Si mphiri! Bambo a Manesi, lekani!"

Asanakhote pangodya ya nyumba anamva kuti gu, chitsulo kumenya pachipika. Panakhala kachete pang'ono, kenaka kulira kwa Manesi kunang'amba mudzi wonse.

Anapeza Gideoni atagwada, atafumbata kadzanja ka mwanayo m'nsalu yofiira kale, misozi ili chuchuchu.

"Ndamupulumutsa, amake mwana. Uyu yekha satisiya."

Kezia anangoika njokayo pachipika, kukamwa kuli yasa. Gideoni anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapisa chala chake m'kamwa muja, nayamba kufufuza m'mwamba, m'munsi, m'mbali, akukanikiza mwamphamvu, kufunafuna dzino loti limubaye.