Mtima Wogunda pa Pepala

Ndinabwerako ku sikelo ya kumudzi cha m'ma 2 koloko, fumbi la ku Golomoti lili m'mano, n'kupeza a Zakariya, namwino mnzanga, ali pakhonde la kachipatala kathu akusenda mango.

"A Edna, muli mayi mmodzi yekha," anatero. "Upile, wa ku Bwanje, mimba yoyamba. Zonse zili bwino."

Ndinatenga pepala lomwe timalembapo kugunda kwa mtima wa mwana wa m'mimba pakatha theka la ola lililonse. Kuyambira 9 koloko panali 140, 140, 140, mpaka m'munsi. Zaka zonse ndakhala mzamba sindinamvepo mtima wotere. Mtima wa mwana wathanzi umakwera, umatsikako, n'kukweranso. Manambala ofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi amachokera m'cholembera basi.

Upile anali atagona akuluma chitenje. Ndinadikira kuti ululu udutse, kenako ndinaika kalipenga kathu komvera pamimba pake, dzanja lina nditamugwira pamkono kuti ndisasokoneze mtima wa mayi ndi wa mwana. Ndinawerenga mphindi yathunthu, ndinapeza 92. Nditabwereza, 88. Ukatsika kupitirira 110, mwana amakhala akubanika. Pansalu yomwe anagonera panali madzi obiriwira, chizindikiro china choti mwana wavutika m'mimba.

"Achemwali, anakumverani liti pamimbapa?"

"M'mawa nditangofika. Kenako amangosuzumira pakhomo n'kufunsa kuti, akusewera?"

"Inu mumati chiyani?"

"Ndimati eya."

"Amaseweradi?"

Anayang'ana kukhoma. "Anasiya kalekale. Koma amafunsa mwaulemu, ndiye ndimaopa kuwavutitsa."

Ndinapsa mtima. Ndinamugoneka chakumanzere, n'kumuika diripi, n'kuimbira ambulansi. Ndiye ndinatuluka ndi pepala lija.

"A Zakariya, 140 ameneyu mwamumva ndi khutu liti?"

"Mwini wake amati akusewera."

"Mwana wa eni, woleredwa bwino, mukumufunsa mutaima pakhomo muli mu yunifolomu, angayankhe kuti ayi? Mukanamufunsa ngati mwanayo akupalasa njinga akanati eya."

"Musandikalipire pagulu."

"Pagulu pomwepa. Makutu muli nawo, wotchi muli nayo, wodwala mmodzi. Chakukanikani n'chiyani, kuwerama?"

Mayi ake a Upile anali pansi pa mtengo wa nimu ndi beseni lawo, ndipo anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. Ndinalibe nazo ntchito. Ndimadziwa kuti pakamwa panga mpoipa, anandiuza kale ambiri, koma makutu anga sananamizepo munthu.

Ambulansi inafika patatha ola. Ndinakwera nawo, khutu lili pa kalipenga njira yonse, mabampu akundimenyetsa tsaya. Tisanafike pa tala mtima uja unali pa 70, ukugunda ngati munthu wotopa akusinja yekha. Ndinkangouza dalaivala kuti aponde, ngakhale ndinkaona kuti waponda kale.

Kuchipatala chachikulu anathamangira naye ku opaleshoni. Anali mwana wamkazi, wonenepa bwino, tsitsi lambiri. Sanalire. Anayesa kumuthandiza kupuma mphindi makumi awiri koma zinakanika, kenako dokotala anavula magolovesi n'kundifunsa chifukwa chake sitinabwere naye dzuwa lisanafike paliwombo. Ndinamupatsa pepala lija kuti adziwerengere yekha.

Lipoti ndinalemba tsiku lomwelo, mayina onse osabisa, n'kutumiza kwa akuluakulu. Mpaka lero yankho silinabwere. A Zakariya anandinyanyalira masiku anayi, lachisanu anayamba kundipatsanso moni ngati palibe chinachitika.

Patapita milungu iwiri, mayi ake a Upile anabwera atasenza kathumba ka mpunga. Anandidutsa pakhomo osandipatsa moni, n'kukagwada pamaso pa a Zakariya.

"Zinachitikazo n'za Mulungu, bambo," anatero. "Koma inu munatisunga bwino, simunatikalipire ngakhale kamodzi. Mdzukulu wanga anali bwinobwino m'manja mwanu, mpaka anafika enawa ndi pakamwa pawo."

Ndinaima pomwepo, kudikira kuti a Zakariya anene mawu amodzi okha. Ndinawayang'ana m'maso kuti adziwe kuti ndikudikira. Iwo anaimirira, napukuta manja pathalauza, n'kulandira mpungawo ndi manja awiri.