Makina Odwala Loweruka

Mafamu atalandidwa, thonje n'kusowa, fakitale ya nsalu inadula antchito, ndipo Obadiya wa ku komboni ya Waverley anayamba kudyera kukonza makina osokera m'makomo mwa anthu. Mkazi wake Jenifa sankadandaula nazo, pajatu m'mashopu munalibe ndi mchere womwe. Chinkamuwawa n'chimodzi: Loweruka lililonse bamboyo ankapita ku tauni ya Chegutu, ati makina a Roselyn akolanso ulusi. Roselyn wake uja wokaoda katundu ku Joni, wosakwatiwa, wonunkhira sopo wodula. Obadiya ankabwerako ndi botolo la mafuta ophikira, nkhope ili ngwee. Jenifa ankaphikira mafutawo, koma nsanje inkamudya.

Makina anji odwala Loweruka lokhalokha? Asa!

Loweruka lina Jenifa analawirira pa makina ake osokera opalasa. Anasolola ulusi wapamwamba n'kuulowetsanso mwadala kaphazi kopanikiza nsalu kali pansi, kuti timbale toupana tisaugwire. Atangopalasa pang'ono, kunsi kwa nsalu ulusi unangoti piringupiringu, singano n'kuima.

"Baba Tendai, lero ku Chegutu kulibe. Anganso afa, ndipo yunifomu ya eni ake ikufunika Lolemba," anatero Jenifa, akuitana mwamuna wake ndi dzina la mwana wawo.

Obadiya anali atavala kale shati yake ya kutchalitchi. Anagwada, nadula ulusi wokolanawo ndi lumo, natulutsa bobini ya ulusi wapansi n'kuiuzira fumbi. Inalibe vuto. Anakweza kaphazi, nalowetsa ulusi bwinobwino, n'kupukusa gudumu ndi dzanja. Msoko unatuluka woongoka ngati wa m'sitolo. Ntchito imene Jenifa ankati idya tsiku lonse inatha madzi a tiyi asanawire.

"Mai Tendai, inu munayamba kusoka tisanakwatirane. Kulowetsa ulusi phazi lili pansi, inuyo?" Anaseka uku akupukuta m'manja. "Ulusi sukola wokha chonchi, amachita kuukoletsa munthu. Roselyn nayenso amatero kumene, ine ndimangoona n'kukhala chete."

Jenifa anamuyang'anitsitsa.

"Ndiye mumadziwa kuti amachitira dala?"

Kuseka kwa Obadiya kunathera pomwepo. Anayang'ana pansi, kenako pakhomo.

"Mumadziwa, baba Tendai, koma n'kumapitabe?"

Obadiya anatola chikwama chake cha zipangizo, n'kunena kuti makombi, maminibasi aja, akuvuta masiku ano, asachedwe. Jenifa anatsala atakhala pa makina osoka bwinobwino, akumva geti likutsekedwa.