Pulagi ya Kuchipinda kwa Mlongo

Lisiate anagwedeza tabuleti, anaipukuta pamalaya, anaikweza m'mwamba, koma kachizindikiro ka wayifayi sikanabwere. Thukuta linali kamukamu. Dzuwa la Januwale ku Mount Druitt, ku Australia, silichita nthabwala, ndipo iye anali atavala malaya a kutchalitchi, batani lomanga mpaka pakhosi.

"Amayi, intaneti yathawa!"

"Yathawa? Ili ndi miyendo?" anafunsa mayi ake, a Melenaite, ali panjinga yawo ya olumala pafupi ndi fani, akusenda chinangwa. "Ine wa mwendo umodzi ndili pompano, iyo n'kuthawa?"

Lisiate sanaseke. Tahlia, mkazi amene anasiyana naye, ankafuna kusamukira ku Perth ndi mwana wawo Lesieli, ndipo mkhalapakati wa za mabanja, Mayi Doyle, anakonza zoti akambirane pa vidiyo m'mawa umenewo. Ulendo wapita Lisiate sanaonekere, kapitawo wa kuntchito yake ya zomangamanga anamukaniza kuchoka konkire ili mkati mothiridwa. Mayi Doyle anamuuza mosapsatira kuti akajombanso, alemba kuti bambo wa mwana sakubwera, nkhani ipite kukhoti ili choncho. Perth n'kutali, abale. Mwana wamng'ono akapita kumeneko, pobwera adzakupatsa moni ngati mlendo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Foni yake inali itagwera m'makina osakaniza konkire sabata yatha, ya mayi ake inali ya mabatani, ndipo tabuletiyo popanda wayifayi inali ngati mbale.

Anakwera masitepe chothamanga. Kabokosi ka intaneti m'nyumbamo kanali ka ziwiri m'chimodzi, modemu ndi rauta pamodzi. Chingwe chochokera kumsewu chinatulukira pakhoma limodzi lokha, m'chipinda cham'mwamba, ndiye kabokosi kanayenera kukhala pomwepo basi. Chipindacho chinali cha Kalolaine, mlongo wake. Pamwambo wa kwawo, kudziko la Tonga, mwamuna salowa m'chipinda cha mlongo wake.

Chitseko chinali chosatseka bwino. Lisiate anaima pakhomo, zala za kumapazi zitalekezera pamene kapeti wa m'chipindamo amayambira. Anasuzumira ndi diso limodzi, n'kuthawitsa maso msanga ataona zovala zoyanikidwa pampando. Koma chimene ankafuna anali atachiona. Kabokosi kanali zii, kopanda nyali ndi imodzi yomwe. Pulagi yake inali gone pansi pafupi ndi bedi, ndipo m'soketi munali chowongolera tsitsi.

"Kalo wazula pulagi!" anakuwa akutsika. "Tsitsi lake lija landipha ine!"

"Muimbire."

"Kufakitale ya nkhuku mafoni amatsekera m'malokala, mukudziwa bwino. Aweruka madzulo."

Anatulukira panja osavala nsapato kukapempha thandizo. Kwa a Nguyen, oyandikana nawo nyumba, anamuyankha ndi galu. Nyumba inayo makatani anali otseka, galimoto palibe. Msewu wonse unali kuntchito. Anabwerera mapazi akuyaka ndi phula, natenga ndodo ya mbedza ya malemu bambo ake kuseri kwa chitseko. Atagona chafufumimba pakhomo la mlongo wake, anayesa kukola pulagi ija ndi ndodo. Inangogubuduka n'kulowa kunsi kwa bedi. Ndipo akanaikola, akanailowetsa bwanji m'soketi? Nzeru zinali zitamuthera.

Anatsika n'kugwada patsogolo pa njinga ya mayi ake.

"Amayi, ndilowe. Kungolowa n'kutuluka. Nditsinzina."

A Melenaite anaika mpeni m'beseni. "Chibadwire, unapondamo m'chipinda cha mlongo wako?"

"Ayi."

"Bambo ako anapita kumanda asakudziwa kuti kuchipinda kwa azakhali ako khoma lake ndi la mtundu wanji."

"Kuno ndi ku Australia, Amayi!"

"Australia ili panja apo, pamene wapsa mapazipo. Muno ndi mu Tonga."

"Adziwa ndani? Kalo sadzamva."

"Ndidziwa ine. Udziwa iwe. Mwana ukumulirirayu dzina anamupatsa ndani? Si Kalolaine? Ukufuna umubweretse m'nyumba imene bambo ake amapondaponda pogona azakhali ake?"

"Sindimubweretsa m'nyumba iliyonse, Amayi! Akupita! Mwambo utsala, mwana apita!"

Anakweza mawu kwa mayi ake, chinthu chimene sanachitepo, ndipo manyazi anamugwira pomwepo. Anakakhala pa sitepe yoyamba, nkhope m'manja. Mwamuna wamkulu, wonyamula matumba a simenti tsiku lonse, analira ngati mwana wotayika pamsika. Ankaopa, ndipo mantha ake anali amodzi okha: kuti Lesieli adzakula akuuzidwa kuti bambo ake anaitanidwa koma sanabwere.

Fani inkangozungulira. Kenako anamva mawilo a njinga akuyandikira.

"Pukuta mamina. Ndibereke."

"Amayi?"

"Wagontha? Chipindacho ndi choletsedwa kwa iwe, osati kwa ine. Tembenuka."

Chidulireni mwendo chifukwa cha shuga, a Melenaite anali asanakwerepo m'mwambamo. Sanali munthu wochepa thupi. Lisiate anawabereka, manja awo atamukola pakhosi, nayamba kukwera akugwira khoma.

"Ukubuula chiyani?" anatero iwo m'khutu mwake, nawonso akupuma mwabefu. "Ine ndinakubereka mpaka uli ndi mano onse, ukundikodzera kumsana, sindinadandaule."

Anawatsitsa pakhomo penipeni. A Melenaite anayamba kukhwekhwereza thupi pakapeti, manja kumbuyo, mwendo umodzi ukukankha. Lisiate anayang'ana kukhoma, akungomva kupuma kwawo ndi kukhwekhwereza kuja. Anamva atagunda bedi. Anamva akutukwana chowongolera tsitsi ndi mwini wake yemwe.

"Ndalowetsa! Kanyali kamodzi kayaka. Kena kakuphethira."

"Kadikireni, kasiya kuphethira."

Kabokosi kameneka sikafulumizidwa. Kayambe kagwirizana kaye ndi chingwe, kenako ndiye kakumbukire za wayifayi. Lisiate ankayang'ana tabuleti, nthawi ya msonkhano itadutsa kale.

"Iii, kazimanso!"

"Mwatani, Amayi?"

"Sindinatani! Soketiyi ndi yokhwepa, pulagi ikugwa yokha. N'chifukwa chake mlongo wako amaitsamiritsa ndi nsapato." Panamveka kubuula. "Chabwino, ndaigwira ndi dzanja. Tsika. Usabwere mpaka mumalize."

"Msonkhanowu ndi wautali."

"Ndati tsika!"

Anadikira m'chipinda chochezera mtima uli m'malere, mpaka kachizindikiro kanatulukira. Nkhope ziwiri zinaoneka pagalasi. Tahlia anali atapinda manja pachifuwa.

"Bambo Lisiate, tinatsala pang'ono kutseka," anatero Mayi Doyle.

"Pepani kwambiri, mayi. Ndabwera."

"Masiku onse amakhala ndi chifukwa," anatero Tahlia. "Mufunseni, akuuzani nkhani yokoma."

Lisiate anangomvetsera Tahlia akufotokoza za ntchito ya ku Perth, za mchemwali wake amene ali kumeneko, za kutopa kolera mwana yekha. Zambiri zinali zoona, ndipo anavomera. Nthawi inkapita. Chithunzi chikangogwedera pang'ono, mtima wake unkadumpha, akudziwa kuti m'mwambamo dzanja latopa.

"Mumagwira ntchito mpaka Loweruka masana," anatero Mayi Doyle. "Mwana atabwera kwa inu, alipo womusamala?"

"Alipo. Amayi anga."

Tahlia anapukusa mutu. "Ndimawakonda amayi ako, Siate, koma tisanamizane. Masitepe omwewo sangakwere."

"Panopa ali m'mwamba," anatero Lisiate. "Akhala pansi m'chipinda cha Kalo. Agwira pulagi ndi dzanja kuti ine ndiyankhule nanu."

Mayi Doyle sanamvetse, koma Tahlia anakhalamo m'nyumbayo. Ankadziwa pamene kabokosi kali, ankadziwanso chifukwa chimene mwamunayo sakanalowera yekha.

"Za ku Perth sindinasinthe maganizo," anatero Tahlia. "Koma sindinyamuka tisanakumanenso. Pakadali pano Lesieli azibwera Loweruka, azigona konko."

Atatseka tabuleti, Lisiate anakwera n'kukaima pakhomo paja. Mayi ake anali atatsamira bedi, diresi itanyowa ndi thukuta, dzanja lamanzere litachirikiza lamanja pakhoma. Mikono yonse inkanjenjemera.

"Siyani tsopano, Amayi. Tamaliza."

"Ati chiyani?"

"Za ku Perth zikadalipo. Koma Loweruka abwera."

A Melenaite anatsinzina. Dzanja linagwa, pulagi inagwa, nyali zonse za kabokosi zinazima.

"Bwerani kuno ndikutsitseni."

Anayesa kudzikankha, koma mikono inakana. Anayesanso, n'kungotsamiranso bedi.

"Mphamvu zatha. Ndidikira Kalolaine." Ataona phazi la Lisiate likusuntha, anamuloza ndi chala. "Usayerekeze."

Lisiate anatsika, anatunga madzi ozizira m'botolo, nakwera nalo. Analigubuduza pakapeti mpaka linagunda bondo la mayi ake. Kenako anakhala pansi kunja kwa chitseko, msana kukhoma, ndipo anadikira nawo limodzi mpaka madzulo.