Mlingo wa Munthu Wosuta

Bambo Goodwill Kachale, mkulu wa mpingo wa Amalawi ku Glasgow, anasiya fodya Lolemba. Sanauze munthu, poti ankakhulupirira kuti palibe ankadziwa zoti amasuta, kupatula dokotala amene ankawalembera mapiritsi a mphumu. Zaka khumi zonse ankatsanzika kuti akukawongola miyendo m'mbali mwa ngalande ya ku Maryhill, n'kubwerako akutafuna maswiti.

Pofika Loweruka manja ankanjenjemera, mtima ukugunda ngati athamangira basi, chakudya chikubwerera. Iwo anangoti ndi Satana akulimbana nawo, n'kumamwabe mapiritsi awo mokhulupirika.

Akazi awo, mayi Sabina, anaitana Tusekelege, mtsikana wa m'kwaya amene amagwira ntchito ku famase, kogulitsira mankhwala. Iye anawerenga pabokosi la mankhwala.

"Bambo, mlingo uwu ndi waukulu," anatero. "Thupi limachotsa mankhwala pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mumamwa tsiku lililonse, kubwezera amene achoka. Koma awa, chiwindi cha munthu wosuta chimawachotsa msanga, ndiye amam'patsa ochuluka. Munthu wosasuta akamwa chonchi amaunjikana m'magazi mwake. Adokotala akulakwirani. Ndikawadandaulira ku ofesi yawo."

A Kachale anaganizira dokotala wosalakwa uja.

"Usatero, mwanawe. Sanalakwitse. Ndinasiya Lolemba."

"Ayi, ndiye mukanawauza," anatero Tusekelege, maso ali pansi.

Mayi Sabina anawomba m'manja kamodzi. "Zaka zonsezi ndikuchapa majekete onunkha utsi, ndikusala kudya kuti musiye. Lero mwasiya, ndiye mukufuna kundifera m'nyumba? Valani nsapato, tiyeni kuchipatala!"

Kuchipatalako anawayeza magazi, anawagoneka masiku awiri, n'kuwatulutsa ndi mlingo wochepa. Dokotala anawagwira chanza kuti achita chamuna. Iwo sanamve kukoma konse.

Lamlungu lotsatira mayi Sabina anaimirira kutsogolo kwa mpingo n'kupereka umboni, osasiyako kanthu. Anthu anaimba, ena n'kululutira, a Kachale ali zyoli pampando wa akulu.

Pa nthawi ya tiyi, mkulu mnzawo, bambo Sylvester, amene chaka chatha analalikira mwaukali za fodya, anawakokera pakona.

"Achimwene," ananong'oneza, "mapiritsi anuwo dzina lake n'chiyani? Ndikufunsira munthu wina."