Wachinayi mu Timu ya Kamphepo

Ndinakwatiwa ndi bambo wa mwana mmodzi, ndipo mwanayo anandilandira ngati chimfine. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, mayi ake atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Bambo ake ankamutcha Kamphepo, dzina lomuyenera ndithu, chifukwa ndikamalowa pabalaza iye ankakhala atatuluka kale, katani yokha ikugwedezeka. Mwano sankandichitira. Mwanowo ndikanaukonda, chifukwa ine pakamwa mpothwa ndipo tikanayankhana. Iyeyu ankangoti "inu", osati amayi, osati anti.

Patatha miyezi isanu ndi itatu anauza bambo ake kuti akatsekera sukulu adzapita kukakhala kwa azakhali ake mpaka kalekale. Amuna angawo ndi ofatsa mopweteketsa mutu. Anangoti aganizira, kenako anayamba kuonda. Ine zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndinaona kuti ndalowa m'nyumba ya eni kudzalekanitsa bambo ndi mwana wake. Kunali kutatsala masabata atatu kuti atsekere.

Chomwe chinkamuseketsa mwanayu chinali chimodzi, gemu ya pa TV ya tigalimoto ta makatuni tomenyana. Muli basi ya mano kutsogolo, thirakitala yovala chipewa, galimoto ya ayisikilimu yolavula mabomba. Akakuphulitsa, matayala amadumphira uku ndi uku, kagalimoto kako n'kutsala kakuda bii kakuphethira maso, kenako umabweranso wamoyo ngati palibe chachitika. Loweruka lililonse masana kunkabwera msuweni wake ndi mnzake wa magalasi yemwe ankamutcha Dokotala. Wachinayi ankasewera ali kwawo pa intaneti, ndipo anayiwa ankamenyana ndi anthu anayi osawadziwa a kumaiko kwina. Ine ndinkamvera phokoso lawo ndili kukhitchini, ndikuchita nsanje ngati mwana.

Loweruka limenelo wachinayi uja mayi ake anamulanda zonse chifukwa cholephera masamu. Tsoka lake linali tsiku la mpikisano wokwera nawo gulu lapamwamba, ndipo timu ya anthu atatu salola. Bambo a Kamphepo anali atapita kukameta, komanso ulendo wina atayesa anagwetsera thirakitala m'nyanja kasanu. Ndinamva msuweni uja akunong'ona kuti anti aja si amayendetsa galimoto kuntchito? Kenako Kamphepo anaima pakhomo la kukhitchini, maso ali pa firiji, n'kundiuza kuti pakufunika munthu wongodzaza malo.

Ndinapukuta m'manja msangamsanga asanasinthe maganizo.

Ntchito yanga ndi yoyendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamula katundu ndi mafoloko awiri kutsogolo, m'chinyumba chosungiramo katundu. Ndagwira zaka khumi ndi chimodzi osagundapo munthu. Chinsinsi chake n'chakuti pakona iliyonse umachepetsa liwiro n'kuliza hutala, chifukwa kuseri kwa mashelefu kukhoza kukhala mnzako atanyamula kapu ya tiyi. Chala changa chinazolowera zimenezi moti sichindifunsanso.

Anandipatsa galimoto yomwe aliyense ankaikana, chilole cha zinyalala chapinki chokhala ndi nsidze zazitali. Dokotala anandionetsa mabatani, lothamangira, la mabuleki, lowombera. La hutala ndinalipeza ndekha. Mpikisano unali wa zigawo zitatu, ndipo m'chigawo choyamba ndinaliza hutala pakona iliyonse ya mzinda wa makatuniwo. Adani ankangotsata kulirako n'kudzatiphulitsa tonse pamodzi. Pena ndinaima kuti basi ya mano idutse kaye, iyo n'kunditafuna.

"Inu, musiye kuliza hutala, mukuwauza anthuwa pomwe tili."

Anali mawu ambiri kuposa onse amene Kamphepo anandiyankhulapo chilowereni m'nyumbamo. Tinaluza chigawocho, koma ine mumtima ndinali kuvina.

Chigawo chachiwiri chisanayambe, Kamphepo anaganiza kaye. Kenako anandiuza kuti ndikaime pansi pa mlatho n'kuliza hutala mmene ndingathere, iwo atatu akabisala pamwamba. Apo ndiye anandipatsa ntchito yanga yeniyeni. Ndinaliza mpaka aneba anagogoda khoma. Adani anabwera piringupiringu kudzadya gogo wapinki, atsikana n'kuwagwetsera mabomba pamutu. Ine ndinaphulika kanayi, koma tinawina, ndipo msuweni uja anagwa pasofa ndi kuseka.

Chigawo chomaliza chinali cha keke. Pakati pa bwalo pamagwa chikeke cha nsanjika zisanu, ndipo timu yomwe yakafikitsa kwawo nthawi isanathe ndiyo yawina. Vuto lake n'lakuti ukachinyamula chimakhala kutsogolo kwa galimoto n'kutseka njira yonse, ukagunda khoma nsanjika imodzi imagwa. Ana amangothamanga osaona, anzawo akukuwa kumanja, kumanzere. Wonyamula wathu anali Kamphepo, koma anamuphulitsa, keke n'kuuluka kudzatera pa chilole changa. Atatu onse anabuula limodzi, ndipo zinandipsetsa mtima.

Kuntchito katundu akatalika kuposa maso ako, supita kutsogolo. Zimenezi amakuphunzitsa tsiku loyamba. Ndinafunsa batani loonera kumbuyo, Dokotala n'kundilozera, ine n'kuyamba ulendo chafutambuyo. Apa ndiye ndinali kwathu. Ndinadutsa m'kanjira kopapatiza ka kumsika osakhudza khoma, ndinazungulira chitsime cha pakati pa mzinda, keke ili chilili ndi nsanjika zake zonse. Adani anasokonezeka, ankandidikirira kolakwika. Basi ya mano itanditulukira m'mbali, kagalimoto ka Kamphepo kanadziponya pakati n'kuphulika m'malo mwanga.

"Pitani, anti, pitani, ndakutchingirani."

Ndinamva bwinobwino mmene ananditchulira, koma panalibe nthawi yolira. Kunatsala kona imodzi ndi masekondi anayi. Ndipo pakona imeneyo chala changa chopusachi chinachita zomwe chachita kwa zaka khumi ndi chimodzi. Chinagwira mabuleki n'kuliza hutala. Nthawi inatha matayala akumbuyo atatsala pang'ono kukhudza mzere.

Pa TV chilole changa chinali kulira misozi yabuluu, anthu osawadziwa aja akuvinitsa tigalimoto tawo. Kamphepo anaika choseweretsera chake patebulo, analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Anzake anatsanzika mwaulemu wonyanya. Ine ndinabwerera ku mbale zanga ndili ndi manyazi osaneneka, ndikudzitukwana kuti mwayi umodzi wokhawo ndauponda ndi mabuleki.

Pa chakudya chamadzulo amuna anga, mutu uli mbee ndi kumeta, anayamba nkhani yomwe ankaiopa. Anati azakhali aimba foni, akufuna kudziwa tsiku loti adzamutenge. Kamphepo anapitiriza kudya, maso ali m'mbale. Anati waganizaganiza, kwa azakhali netiweki ndi yovuta, gemu izidzadukaduka, ndiye bola aone kaye chaka chikatha. Anawonjezera kuti wachinayi wawo uja masamu sadzakhoza msanga, ndipo pali anthu ena ofunika kuwaphunzitsa kuiwala mabuleki, zomwe zitenge nthawi yaitali.

Amuna anga anatsegula pakamwa, ine n'kuwaponda phazi pansi pa tebulo. Tonse atatu tinkadziwa kuti nyumba ya azakhali ili pafupi ndi nsanja ya mafoni, ndipo netiweki yake imagwira ngakhale m'bafa. Ndinadzuka kukatenga madzi akumwa ngakhale jagi inali yodzaza patebulo, ndipo ndinakhalitsako pang'ono kukhitchiniko.